Khanda lomwalira lisanabatizidwe: zimene Mpingo wa Katolika umaphunzitsa

Pa mafunso onse amene Akatolika timafunsana imfa ikatigwera, palibe lolemera kuposa la khanda limene latisiya lisanalandire ubatizo. Funsoli silifunsidwa pagulu. Limatuluka pakapita masiku, odzapepesa atabalalika, pamene mayi wa mwanayo apita kwa akatekisiti kapena kwa amayi ena akuluakulu a mu mphakati ndi kufunsa chapansipansi kuti kodi mwana wake ali kuti. Mayankho amene ndawamva kuno ku Mangochi ndi osiyanasiyana. Ena amati mwanayo ali ku Limbo, kumene sadzaona nkhope ya Mulungu mpaka muyaya; ena amati wasanduka mngelo; ena amangoti zimenezo n'za Mwini wake, n'kusintha nkhani. Anansi athu Achisilamu, amene ndiwo ochuluka m'boma lino, sazengereza pa funso lomweli, pakuti chipembedzo chawo sichiphunzitsa za tchimo lobadwa nalo, ndipo ambiri mwa iwo amanena mosajejema kuti mwana wotere ali ku Paradaiso. Mayi wachikatolika akamva zimenezi kwa mnzake pa mjigo, n'kukumbukira zimene anaphunzira ali wamng'ono ku katekisimu, chisoni chake chimawirikiza, chifukwa amayamba kuona ngati Mpingo wake ndiwo wamutsekera mwana kunja.

Nkhaniyi si ya mabanja owerengeka ayi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 27 ankamwalira mwezi woyamba usanathe, ndipo 42 ankamwalira asanakwanitse chaka. Pamenepo sitinawerengere obadwa atafa kale ndi mimba zopita padera. Popeza m'maparishi ambiri ubatizo wa ana umachitika pa masiku oikika, ambiri mwa makanda amenewa a m'mabanja achikatolika amapita asanathiridwe madzi.

Gwero la vutoli ndi lakuti Mpingo umagwira mfundo ziwiri nthawi imodzi ndipo sungataye ina mwa izo. Yoyamba ndi ya mawu a Yesu kwa Nikodemo pa Yohane 3:5, akuti munthu wosabadwa mwa madzi ndi Mzimu sangalowe mu Ufumu wa Mulungu, pamodzi ndi chiphunzitso cha Paulo pa Aroma 5 chakuti uchimo unalowa pa dziko kudzera mwa munthu mmodzi n'kufikira onse. Tchimo lobadwa nalo si mlandu umene khanda lapalamula. Ndi kusowa kwa chaulere cha Mulungu chimene mtundu wa anthu unataya mwa Adamu, ndipo popanda chaulerecho palibe amene angaone Mulungu maso ndi maso, ngakhale akhale wosalakwa chotani. Mfundo yachiwiri ndi ya pa 1 Timoteo 2:4, yakuti Mulungu amafuna kuti anthu onse apulumuke. Munthu wamkulu wosabatizidwa angathe kulakalaka ubatizo, kapena kutsata chikumbumtima chake moona mtima, ndipo Mpingo umavomereza kuti zimenezi zingamufikitse ku chipulumutso. Khanda la masiku atatu silingalakalake chilichonse. Apa ndipo pamene akatswiri a zaumulungu akhala akupunthwa kwa zaka zoposa 1,500.

Amene anapereka yankho lowawa kwambiri ndi munthu amene dzina lake timalitchula kawirikawiri kuno, pakuti tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu chimatchedwa ndi dzina lake: Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anabadwa mu 354 n'kumwalira mu 430. Iye ankalimbana ndi Pelagius ndi omutsatira, amene ankaphunzitsa kuti mwana amabadwa wopanda banga la Adamu, ndipo kuti khanda losabatizidwa limalandira moyo wosatha ngakhale silinalowe mu Ufumu wa Mulungu. Augustine anayankha kuti pa chiweruzo pali dzanja lamanja ndi lamanzere basi, malo achitatu palibe. Choncho khanda losabatizidwa lili pakati pa otayika, ngakhale kuti chilango chake ndi chopepuka kuposa cha wina aliyense. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Carthage mu 418 unakana maganizo a Pelagius, n'kutsimikiza kuti makanda nawonso amabatizidwa kuti machimo akhululukidwe.

N'kosavuta lero kumunena Augustine kuti anali wouma mtima, koma ine ndimaona kuti chimene ankateteza chinali choyenera kutetezedwa. Ngati khanda limapulumuka chifukwa cha kusalakwa kwake kokha, ndiye kuti pali anthu ena amene safunikira Khristu, ndipo mtanda unali wa akuluakulu okha. Pamenepo sanaphonye. Chimene anaphonya ndi kuganiza kuti chaulere cha Khristu chilibe njira ina yofikira khanda koma madzi a ubatizo okha. Ndipo si onse a m'nthawi yake amene ankaganiza ngati iye: kum'mawa, kumene Akhristu ankalankhula Chigriki, Gregory wa ku Nazianzus anaphunzitsa kuti ana otere sadzalandira ulemerero koma sadzalangidwanso, chifukwa sanachimwe ndiwo, anangogweredwa tsoka.

Zaka mazana angapo zitapita, akatswiri a ku Ulaya anayamba kufewetsa yankho la Augustine. Peter Abelard, amene anamwalira mu 1142, anati chilango cha makanda amenewa ndi kusaona Mulungu kokha, popanda moto kapena ululu. Papa Innocent III analemba mu 1201 kuti chilango cha tchimo lobadwa nalo ndi kusaona Mulungu, pamene mazunzo a ku Gehena ndi a machimo amene munthu wachita yekha mwadala. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anapitirira pamenepo n'kunena kuti anawo ali ndi chimwemwe chonse chimene chibadwa cha munthu chingalandire, ndipo samva chisoni chifukwa cha ulemerero umene anaphonya, pakuti sadziwa n'komwe za ulemererowo. Malo kapena mkhalidwe umenewu ndiwo unatchedwa Limbo ya ana. Tisausokoneze ndi Purigatoriyo, kumene mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba, kapenanso ndi Limbo ya makolo akale, kumene olungama a m'Chipangano Chakale ankadikira Khristu. Za Limbo ya ana, ankaphunzitsa kuti wolowamo satulukamo.

Tiyenera kukumbukira kuti Limbo inabwera ngati chifundo, kuti makanda achotsedwe m'moto m'mene chiphunzitso cha Augustine chinawasiya. Koma sinakhalepo mfundo yachikhulupiriro yolengezedwa ndi Mpingo. Misonkhano ikuluikulu ya ku Lyons mu 1274 ndi ku Florence mu 1439 inanena kuti omwalira ali ndi tchimo lobadwa nalo lokha saona Mulungu, ndipo chilango chawo n'chosiyana ndi cha ochimwa mwadala, koma sinanene kuti khanda lililonse lomwalira losabatizidwa limamwalira likadali ndi tchimolo. Mu 1794 Papa Pius VI anadzudzula msonkhano wa atsogoleri a Mpingo wa ku Pistoia, ku Italy, chifukwa chotcha Limbo nthano ya otsatira Pelagius, koma pochita zimenezo anangoteteza ufulu wa Akatolika woiphunzitsa, sanalamule kuti aliyense aikhulupirire.

Kusiyana kwa mfundo yachikhulupiriro ndi ganizo la akatswiri kunali kodziwika m'maseminale, koma sikunkafika kumudzi. Pamene amishonale a White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, ndi pamene a Montfort anatsegula misheni ya Nzama mu 1901, Limbo inali m'maphunziro a ansembe ndi m'makatekisimu ambiri a ku Ulaya, ndipo inkaphunzitsidwa ngati chinthu chosakayikitsa. Malamulo a Mpingo a mu 1917 ankaletsanso kuchita mwambo wa maliro achikhristu kwa khanda lomwalira losabatizidwa. N'chifukwa chake agogo athu amene anaphunzira kwa amishonale akale ankathamanga ndi khanda lodwala kupita nalo kwa ansembe ngakhale usiku, ndipo n'chifukwa chakenso ena mwa iwo akhala zaka zambiri akukhulupirira kuti pali mwana wawo mmodzi amene sadzakumana naye kumwamba. Sitingawadzudzule, anasunga zimene anapatsidwa.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, ndipo kunayambira m'mapemphero kusanafike m'mabuku a chiphunzitso. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa mu 1962 mpaka 1965, sunagamule za makanda osabatizidwa, koma unaphunzitsa m'chikalata chake chotchedwa Gaudium et Spes, ndime 22, kuti popeza Khristu anafera onse, Mzimu Woyera amapatsa munthu aliyense mwayi wolumikizana ndi imfa ndi kuuka kwake m'njira yodziwa Mulungu yekha. Buku la Misa la mu 1970 linabwera ndi mapemphero a maliro a mwana womwalira asanabatizidwe, chinthu chimene kale kunalibe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992 satchula Limbo ya ana n'kamodzi komwe. Pa ndime 1261 amati Mpingo umangowapereka anawa ku chifundo cha Mulungu, monga umachitira pa maliro awo, ndipo kuti chifundo cha Mulungu amene amafuna onse apulumuke, pamodzi ndi chikondi cha Yesu amene pa Marko 10:14 anati ana asaletsedwe kubwera kwa Iye, zimatilola kuyembekeza kuti ilipo njira ya chipulumutso kwa iwo.

Mu April 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu limene limalangiza Vatican, lotchedwa International Theological Commission, linatulutsa chikalata chachitali pa nkhani yomweyi, Papa Benedict XVI atavomereza kuti chisindikizidwe. Papa ameneyu, akadali Kadinala Ratzinger, anali atanena kale m'buku la mafunso ndi mayankho la mu 1985 kuti Limbo sinakhalepo mfundo yachikhulupiriro, ndipo kuti iye payekha akanaisiya. Nyuzipepala ndi mawailesi ambiri analengeza kuti Papa watseka Limbo, ndipo mpaka lero alipo amene amatinyoza nazo kuti Akatolika amatsegula ndi kutseka malo a kumwamba mmene afunira. Zimene chikalatacho chinanena n'zodekha kuposa pamenepo. Chinati Limbo ikadali ganizo limene Mkatolika angathe kuligwira, koma likuonetsa chipulumutso mopanikiza kwambiri, ndipo pali zifukwa zamphamvu zoyembekezera kuti makanda amenewa amapulumuka n'kuona Mulungu. Chinawonjezera mosabisa kuti zimenezi ndi zifukwa za chiyembekezo cha m'pemphero, osati chidziwitso chotsimikizika, pakuti Mulungu sanatiululire mwachindunji.

Mwa zifukwazo, chimene chimandigwira mtima kwambiri chili kale mu Katekisimu pa ndime 1257: Mulungu anamangirira chipulumutso ku sakramenti la ubatizo, koma Iye mwini samangidwa ndi masakramenti ake. Mlimi akakumba ngalande kuchokera mu Shire kupita kudimba kwake, ndiye kuti waika njira yodalirika yofikitsira madzi ku mbewu, ndipo ndi wopusa yekha amene angaikwirire. Koma palibe amene anganene kuti mvula singagwe pamene ngalandeyo sinafike. Ubatizo ndi lamulo kwa ife amene tili ndi madzi, manja ndi nthawi, osati malire a mphamvu ya Mulungu. Komanso Mpingo weniweniwo umalemekeza makanda osabatizidwa monga oyera chaka chilichonse pa 28 December, pa chikondwerero cha ana a ku Betelehemu amene anaphedwa ndi Herode. Anawo sanadziwe Khristu, sanalakalake ubatizo, sanasankhe kumufera, komabe chaulere chinawafikira. Paulo naye, pa Aroma 5:20, amati pamene uchimo unachuluka chaulere chinachuluka koposa. Zikanakhala zodabwitsa kuti kulakwa kwa Adamu kuzifikira khanda popanda khandalo kuchita kanthu, koma chipulumutso cha Khristu n'kulephera kulifikira mofananamo, ngati kuti Adamu ndi wamphamvu kuposa Khristu. Ndipo chiyembekezo chimenechi sichisankha mtundu kapena chipembedzo cha makolo. Chimakhudza khanda la Mkatolika, la Msilamu ndi la munthu wosapemphera, ngakhalenso limene linafera m'mimba.

Ena amakhumudwa kuti Mpingo sunangonena mwachindunji kuti anawa ali kumwamba. Ine ndimaona kuti unachita bwino kuima pamene unaima. Mpingo umene ungalengeze zimene sunauzidwe pofuna kutonthoza olira, mawa ungalengezenso zina zimene sunauzidwe pofuna kusangalatsa ena, ndipo mawu ake angapepuke. Chiyembekezo chachikhristu si kulota kapena kungofuna kuti zinthu zikhale bwino. Ndi kudalira khalidwe la Mulungu amene tamuona mwa Yesu. Ngakhale za agogo athu amene anafa atalandira masakramenti onse sitikhala ndi chidziwitso chotsimikizika, timawapempherera mwachiyembekezo, ndipo palibe amene amati chimenecho ndi chitonthozo chochepa. Za mawu akuti mwana wasanduka mngelo, ndikudziwa kuti amanenedwa mwachikondi, koma si chiphunzitso chathu. Angelo ndi zolengedwa zina. Khandalo ndi munthu, lidzauka ndi thupi lake pa tsiku lomaliza, ndipo lidzakhalabe mwana wa mayi amene analibereka.

Pamene chiphunzitsochi sichinafike kwenikweni ndi pa kaikidwe ka makanda m'midzi mwathu. Mwambo umasiyana mudzi ndi mudzi, koma m'malo ambiri mwana wobadwa atafa, kapena womwalira asanatuluke m'chikuta, amatchedwa nthayo, ndipo maliro ake sakhala maliro monga tiwadziwira. Ndinaperekezapo maliro otere. Tinali amayi ochepa, tinanyamuka m'mamawa anthu asanadzuke, kamwanako katakulungidwa m'chitenje, mayi mmodzi atanyamula khasu. Dzenje linali losazama, m'mphepete mwa manda. Panalibe bambo aliyense, panalibe nyimbo, panalibe mtanda, ndipo dzina silinatchulidwe pakuti linali lisanaperekedwe. Mayi wa mwanayo anatsala kunyumba, ndipo titabwerera anganga ake anamugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Usalire, mwana wanga, ungadzitsekere ena." Madzulo a tsiku lomwelo pabwalo pankaphikidwa nsima ngati palibe chimene chachitika. Ambiri mwa ife tinali Akatolika opita ku Misa Lamulungu lililonse, koma palibe amene anaganiza zoyambitsa ngakhale Atate Athu.

Sindikunyoza mwambowu, chifukwa ndikudziwa kuti makolo ankafuna kuteteza mayi kuti chisoni chisamumize, m'nthawi imene makanda ankafa ochuluka zedi. Koma ndikuona kuti mwambo wa makolo ndi chiphunzitso chakale cha Limbo zinakumana n'kugwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti za mwana wotere tisalankhule. Mwambo unati sanafike pokhala munthu wa m'mudzi, katekisimu wakale anati sanafike pokhala wa mu Mpingo, ndipo mayi anatsala yekha ndi mabere odzaza mkaka. Chikhalirecho malamulo a Mpingo a mu 1983, pa lamulo 1183, amati episkopi angalole kuti mwana amene makolo ake ankafuna kumubatiza koma wamwalira asanabatizidwe aikidwe ndi mwambo wa Mpingo. Mapemphero ake alipo, ndipo amapempherera makolo kuti atonthozedwe pokhulupirira kuti mwana wawo waperekedwa m'manja mwa Mulungu wachifundo. Akhristu ambiri sadziwa kuti angathe kupempha zimenezi kwa bambo mfumu, ndipo ndikukhulupirira kuti atsogoleri a miphakati ambiri sanauzidwepo. Ngakhale pamene banja lasankha kutsata mwambo wa amayi okha, palibe choletsa kuti mmodzi wa iwo atsogolere pemphero pamandapo, kuti mwanayo apatsidwe dzina, ndiponso kuti mphakati ukachezere mayiyo monga umachezera namfedwa wina aliyense.

Pali chenjezo limene Katekisimu ndi chikalata cha mu 2007 onse amabwereza, lakuti chiyembekezochi chisakhale chifukwa chozengerezera ubatizo. Lamulo 867 limati makolo ayenera kuonetsetsa kuti mwana wabatizidwa m'masabata oyambirira atabadwa, ndipo ngati ali pangozi ya imfa abatizidwe nthawi yomweyo. Apa mlandu si wa makolo okha. Ndaonapo mabanja akubwezedwa chifukwa sanamalize mtulo, kapena chifukwa ukwati wawo sunadalitsidwe, mwana mpaka kuyamba kuyenda asanabatizidwe. N'zoona kuti lamulo 868 limafuna kuti pakhale chiyembekezo chenicheni chakuti mwanayo adzaleredwa m'chikhulupiriro cha Katolika, ndipo ansembe ali ndi udindo woonetsetsa zimenezo, koma lamulolo silinena za ndalama, ndipo silinena kuti khanda lidikire kufikira makolo atakonza moyo wawo wonse. Sitingaphunzitse kuti ubatizo ndi khomo la moyo kwinaku tikuugwiritsa ntchito ngati chikwapu cholangira akuluakulu.

Ndipo pa ngozi ya imfa sipafunika kudikira ansembe kapena akatekisiti. Munthu aliyense angathe kubatiza, kaya ndi namwino, mzamba, mayi wodikirira wodwala, kholo la mwanayo, ngakhale munthu wosabatizidwa, malinga akhale ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita pobatiza. Madzi akhale madzi enieni, a pa mpopi, a pa mjigo kapena a m'nyanja, ndipo safunika kukhala odalitsidwa kapena ochuluka. A m'kapu kapena a pa supuni ndi okwanira malinga ayenderere pakhungu la pamutu. Wothira madziyo ndiye yemweyo anene mawu, pa nthawi yomwe akuthirayo: "Ine ndikukubatiza iwe pa dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera." Ngati pali kukayika kuti mwanayo akadali moyo, ayambe ndi mawu akuti "Ngati uli moyo". Ngati n'zodziwikiratu kuti wamwalira, sabatizidwa, chifukwa masakramenti ndi a amoyo; amene alipo amupempherere ndi kumupereka kwa Mulungu. Pambuyo pake wobatizayo akadziwitse ku parishi dzina la mwana, tsiku, malo ndi mboni ngati inalipo, kuti zilembedwe m'kaundula wa ubatizo. Mwanayo akachira sabatizidwanso kachiwiri, koma amapita naye kutchalitchi kuti ansembe akamalize miyambo yotsala, ya mafuta a krisima, nsalu yoyera ndi kandulo.